Revúbuè usanadzaze: zoti banja lililonse ku Tete likonze mvula isanalimbe

Kumayambiriro kwa Malichi 2019, namondwe Idai asanafike n'komwe ku Beira, mvula inagwa masiku otsatizana kumapiri a Angónia, Tsangano ndi tsidya la Malawi. Madziwo anatsika ndi mtsinje wa Revúbuè n'kukalowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi, mumzinda wa Tete. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anabwereza zomwezo. Revúbuè unadzaza, mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka, ndipo administrador wa distrito ya Tete, a José Maria Mandere, anamwalira galimoto yomwe anakwera itakokoloka pamene ankayendera malo osefukira. Ngati madzi anatenga mtsogoleri wa distrito yonse, ife a m'midzi ndi m'mabairro tisamadziyese odziwa mtsinje.

Ndikulemba izi chifukwa boma lili ndi njira yake yochenjezera anthu, yochokera ku Maputo mpaka kwa nyakwawa, koma njirayo imathera pakhomo panu. Uthenga ukafika banja lisanagwirizane kothawira, amene anyamule gogo ndi amene amasule mbuzi, umangosanduka phokoso la usiku. Zimene zili m'munsimu n'zoti muchite motsatana, kuyambira mu Okutobala dzuwa likadali kuswa mtengo.

Choyamba: dziwani kumene madzi a kwanu amachokera

Anthu ambiri amayang'ana kumwamba, akaona kuti kulibe mitambo amagona tulo. Ku Tete kuno zimenezo zapweteketsa ambiri. Revúbuè umayambira kumtunda, ku Angónia, ndipo umatolera madzi a timitsinje tambirimbiri usanakathire mu Zambezi pafupi ndi mzinda. Mvula ingagwe ku Dómuè kapena ku Ulónguè, munthu wa ku Chingodzi kapena ku Benga osaona ngakhale dontho, koma madziwo n'kumupeza pamphasa usiku. Zambezi ukakhala wodzaza kale, madzi a Revúbuè amasowa kothira, amatukumuka n'kufalikira m'mbali.

Zambezi nawo uli ndi nkhani yake. Damu la Cahora Bassa ku Songo likadzaza kwambiri, a HCB, kampani yoyendetsa damuli, amatsegula zitseko kuti achepetse madzi, ndipo amalengeza zisanachitike. Amene muli ndi madimba pazilumba kapena m'mphepete mwa mtsinje kumunsi kwa damu, chilengezo chimenechi n'chanu, ngakhale kunja kutawala bwanji. Ku Mutarara vuto limabwera mbali ziwiri, Zambezi uku Shire uku, ndipo n'chifukwa chake kunasefukira kwambiri mu 2001, 2007 ndi 2008. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inavutitsanso Mutarara ndi Doa.

Choncho khalani pansi ndi akuluakulu a m'dera lanu muwafunse: madzi anafika pati chaka chimene anakwera kwambiri? Akulozereni mtengo, chulu kapena khoma. Madzi saiwala khwawa. Ngati nyumba yanu ili kumunsi kwa chizindikiro chimenecho, dziwerengereni m'gulu la oyamba kuchoka. A kumapiri musati sizikukukhudzani. Kwa inu choopsa ndi kamtsinje kouma kamene kamadzaza m'kanthawi kochepa, nthaka yogumuka m'malo otsetsereka amene mitengo inatha ndi makala, ndiponso mphepo yosasula madenga.

Chachiwiri: pezani komiti ya m'dera lanu

Bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi INGD. Achikulire amalitchulabe kuti INGC, dzina limene linali nalo mpaka 2020 pamene lamulo latsopano, la nambala 10/2020, linasintha kayendetsedwe kake. Chaka chilichonse, mvula isanalimbe, boma limavomereza ndondomeko yotchedwa Plano de Contingência, yonena za anthu amene angakhudzidwe ndi katundu woti asungidwe pafupi. Zinthu zikavuta, likulu lotchedwa CENOE ndi limene limagwirizanitsa ntchito m'dziko lonse, m'chigawo ndi m'madistrito mumakhala maofesi a ntchito yomweyo otchedwa COE, ndipo opulumutsa anthu ndi mabwato ndi a UNAPROC. Za nyengo amalengeza ndi a INAM, pamene kukwera kwa mitsinje ya kuno amayeza ndi a ARA-Centro.

Mayina onsewa ndi abwino kuwadziwa, koma amene adzagogode pakhomo panu si iwo. Ndi anthu a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, imene pa Chipwitikizi amati Comité Local de Gestão do Risco de Desastres. Ndi anansi anu ongodzipereka, amuna ndi akazi, ndipo aliyense ali ndi mbali yake: wina womvera wailesi, wina wochenjeza, ena otsogolera anthu pothawa, ena oyang'anira malo ogona, ena a chithandizo choyamba, ena owerengera zowonongeka. Makomiti ophunzitsidwa amapatsidwa zipangizo monga chimkuzamawu, malikhweru, mbendera, zingwe ndi majekete oyandamitsa.

Pitani kwa nyakwawa, kwa secretário wa bairro kapena kwa chefe wa localidade mukafunse mafunso atatu. Komiti yathu ndi ndani? Tikachenjezedwa tidzathawira kuti? Tidzadzera njira iti? Lembani manambala a foni a anthu awiri a m'komitiyo papepala, osati m'foni mokha. Mukapeza kuti komiti kulibe, kapena inalipo koma anthu ake anasamuka, pemphani mtsogoleri wanu akanene ku ofesi ya distrito kuti ikhazikitsidwe. Pempho la mudzi wonse limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Mukauzidwa malo othawira, omwe nthawi zambiri amakhala sukulu kapena tchalitchi cha pamtunda, yendani njirayo ndi ana anu masana. Onani ngati ikudutsa pakhwawa kapena pakamlatho kotsika. Njira yabwino m'chilimwe ikhoza kukhala yoyamba kumira, ndiye funani ina ngakhale ikhale yozungulira. Mfundo iyi ndimaiumirira kwambiri. Mwana amene anayendapo njira ndi mapazi ake amakafika ngakhale mumdima, ngakhale atasiyana ndi amake.

Chachitatu: phunzirani tanthauzo la mitundu

Pa namondwe, mitundu ya mbendera ndi yonena nthawi imene yatsala. Yabuluu ikutanthauza kuti namondwe angafike pakati pa maola 24 ndi 48. Yachikasu, watsala maola osapitirira 24. Yofiira, watsala maola 6 kapena wafika kale. Palinso chenjezo la boma lenilenilo limene mumamva pa wailesi: alerta amarelo (lachikasu), alerta laranja (la mtundu wa lalanje) ndi alerta vermelho (lofiira). Likafika pa laranja ndiye kuti akuluakulu ayamba kusuntha mabwato, chakudya ndi matenti. Likafika pa vermelho, angathe kuchotsa anthu m'malo oopsa ngakhale eni ake asakufuna.

Musadikire zofiira. Banja lokhala ndi nkhalamba, mayi woyembekezera, khanda kapena wolumala lizichoka pa chenjezo lachikasu, kukadali kowala.

Wailesi ya mabatire ikhale yamoyo m'nyumba. Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chisena, ndipo wailesi za m'madera zimabwereza machenjezo. Amene muli m'malire, ku Zóbuè, Calómuè kapena Biri-Biri, mverani ndi za ku Malawi zomwe, poti mtambo sudziwa malire. Ndipo abale a kumtunda, muli ndi udindo umene mwina simuudziwa: mukaona mvula yagwa usana ndi usiku osakata, mitsinje yanu yadzaza, imbirani foni abale anu a ku Moatize ndi ku Tete. Foni imodzi yotero imawapatsa maola angapo. Uthenga wa pa WhatsApp wosadziwika mwini wake, muyambe mwaufunsa kwa a komiti musanaupatsire ena.

Chachinayi: konzani nyumba ndi katundu mu Okutobala ndi Novembala

Nyumba zambiri zimene zimagwa si zokokoloka, ndi za zidina zimene zanyowa kunsi mpaka khoma kufewa. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi a padenga asaime m'mbali mwa khoma, kwezani chiwundo ndi dothi lotsendera bwino, ndipo matani ming'alu. Denga la malata limangeni ndi waya kumitanda, mitandayo imangidwenso kukhoma, ndipo misomali yomasuka ikhomedwe. Miyala yoika pamwamba pa malata imagwera anthu mphepo ikakula. Nthambi zolendewera padenga zidulidwe. Mumzinda, ngalande yodzaza mapulasitiki ndi imene imalowetsa madzi m'nyumba, ndiye gwirizanani ndi anansi muichotse zinyalala.

Kenako mapepala. BI, cédula ya mwana aliyense, khadi la kuchipatala, masatifiketi a sukulu, DUAT kapena pepala lililonse la malo, zonsezi zikulungidwe m'mapulasitiki awiri n'kuikidwa m'chikwama chimodzi chodziwika ndi onse. Zijambuleninso pa foni n'kutumizira m'bale wodalirika wokhala kwina. Munthu wopanda mapepala amavutika kawiri, pa madzi ndi pa ofesi.

M'chikwama chomwecho muikemo tochi, machesi okulungidwa, sopo, botolo la Certeza (mankhwala othira m'madzi akumwa), mapaketi a mchere ndi shuga a kuchipatala, neti ya udzudzu, nsalu ziwiri kapena zitatu, ndi chakudya chosafuna moto monga mtedza wokazinga kapena chimanga chokazinga. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musalole kuti akuthereni m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, chifukwa mlatho ukaduka chipatala chimatalika. Ndalama zina zikhale mu M-Pesa kapena e-Mola, zina zochepa m'manja poti netiweki imatha kuzima.

Mbewu zisamalidwe mwapadera. Sungani mbewu ya chimanga, nyemba ndi ndiwo zamasamba m'chigubu chouma chotseka bwino, muchikweze pamwamba kapena mukachisungitse kwa m'bale wa kumtunda. Madzi akaphwa, dimba limakhala ndi chinyezi ndi dothi lachonde, ndipo amene ali ndi mbewu m'manja amabzala sabata yomweyo pamene ena akudikira thandizo. Ng'ombe ndi mbuzi zipezeredwe malo okwera nthawi ikadalipo, ndipo mugwirizane ndi mwini malowo tsopano.

Chachisanu: tsiku lochoka

Apa ndi pamene mabanja amakangana. Bambo amati tidikire tione, mayi amati tiyeni, agogo amati ine ndinabadwira pompano. Pakadafunda padajiwitsa galu. Gwirizanani lero, kunja kuli phee, kuti chizindikiro chakuti chikaoneka palibenso kukambirana: kaya likhweru la komiti, kaya madzi kufika pamtengo uja.

Chimene chimasunga anthu ambiri m'nyumba ndi mantha a akuba, ndipo mantha amenewa ndi oona. Athetseni pasadakhale posamutsa zinthu zamtengo, monga njinga, wailesi yakanema, makina osokera ndi matumba a chimanga, pa chenjezo loyamba. Nyumba yopanda kanthu siivuta kuisiya.

Pochoka zimitsani magetsi pa mita, zimitsani moto, masulani ziweto zonse zomangidwa, ngakhale galu, ndipo tsekani chitseko. Mwana wamng'ono aliyense akhale ndi wamkulu wake womugwira dzanja. Dutsani kwa mnansi amene amakhala yekha kapena wosamva bwino. Uzani chefe wa nyumba khumi kuti mwachoka ndipo mulipo angati, kuti opulumutsa asataye nthawi kukufunani m'nyumba yopanda anthu. Madzi akakutsekerezani, kwerani pamalo okwera olimba, imbani foni, gwedezani nsalu yowala, usiku muunike ndi tochi.

Chachisanu ndi chimodzi: musawoloke

Madzi othamanga olekeza m'akakolo angagwetse munthu wamkulu. Olekeza m'mawondo angakokolole galimoto. Pansi pake simukuona ngati msewu ukadalipo, ndipo mlatho umatha kuoneka wabwino pamwamba uku mbali yake yadyeka. Woyendetsa chapa kapena njinga yamoto akati tiyese, tsikani, ngakhale mwalipira kale. Ana asukulu auzidwe momveka kuti mtsinje ukadzaza agone tsidya lomwelo kwa m'bale kapena kwa aphunzitsi, ndipo palibe amene adzawakalipire. M'mphepete mwa Zambezi kumbukiraninso kuti madzi osefukira amabwera ndi ng'ona mpaka m'minda.

Chachisanu ndi chiwiri: mukafika pamalo ogona

Lembetsani banja lonse tsiku lomwelo, mayina ndi zaka, ndipo tchulani oyembekezera, odwala ndi olumala. Chakudya, matenti ndi ziwiya zimagawidwa potsata mndandanda, choncho amene sanalembedwe amadumphidwa. Ngakhale mutakagona kwa m'bale, kalembetseni kwa mtsogoleri wa dera lanu kuti nyumba yanu yawonongeka.

Thandizo limeneli ndi laulere. Palibe mtsogoleri, wogawa kapena mlonda amene ali ndi ufulu wokupemphani ndalama, gawo la ufa, kapena kugona ndi mkazi kapena mtsikana kuti dzina lilowe pamndandanda. Zikachitika imbani Linha Verde pa 1458, nambala yaulere imene inakhazikitsidwa pambuyo pa Idai kuti anthu azidandaulirapo za thandizo. Nkhani yokhudza mwana, imbani 116, Linha Fala Criança. Amayi ndi atsikana azipita kuchimbudzi ndi kotunga madzi awiriawiri, makamaka kukada.

Boma likakupatsani malo ku bairro yatsopano ya kumtunda, ganizirani bwino musanawakane. Ndikudziwa chimene chimabweza anthu kumtsinje: kumtunda nthaka ndi youma, madzi ali kutali, dimba latsala kumunsi. Mabanja ambiri a ku Mutarara anapeza njira yapakati, nyumba ndi ana kumtunda, kulima kumunsi, n'kumagona kumunda m'chilimwe mokha. Ndi yotopetsa, koma ndi imene ine ndingalangize m'bale wanga.

Chachisanu ndi chitatu: madzi akumwa

Madzi akaphwa, ngozi yachiwiri imayamba. Zimbudzi zimakhala zasefukira m'zitsime, ndipo kolera, amene anavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 mpaka kuno ku Tete, amayenda ndi madzi otero. Madzi onse akumwa awiritsidwe mpaka abwadamuke, kapena athiridwe Certeza monga mwa muyezo wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Sambani m'manja ndi sopo, akasowa gwiritsani phulusa.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi ngati otsukira mpunga, yambani kumumwetsa nthawi yomweyo: paketi imodzi ya kuchipatala mu lita imodzi ya madzi abwino. Paketi ikasowa, mu lita imodzi thirani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa muli pa ulendo wopita kuchipatala, chifukwa kolera amatha kupha m'maola ochepa. Khanda lipitirize kuyamwa.

Pali mphekesera imene yaphetsa anthu m'zigawo zina, yoti azaumoyo othira mankhwala m'zitsime ndi amene amabweretsa matendawa. Mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana, koma cloro ndi mankhwala opha tizilombo ta kolera. Mukamva wina akufalitsa zimenezi, mufotokozereni modekha, ndipo atetezeni anthu amene abwera kudzathandiza. Pakapita milungu ingapo malungo nawo amachuluka chifukwa cha zithaphwi, ndiye neti isachoke pogona, ndipo thupi likatentha kayezetseni.

Mphenzi ndi chilala

Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mphenzi imapha anthu chaka ndi chaka, ambiri ali kumunda, kubusa kapena atabisala pansi pa mtengo. Mukamva kugunda, siyani khasu mulowe m'nyumba, mukhale kutali ndi zitseko ndi mawaya, ndipo mutuluke patapita mphindi 30 chigundire komaliza. Abusa aang'ono auzidwe kuti ng'ombe azisiye, palibe adzawamenye. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mukhoza kumugwira. Musathe nthawi kufunsa kuti watumiza ndani, thamangani naye kuchipatala.

Chilala chimabwera mwakachetechete. Changara, Marara, Mágoè ndi Cahora Bassa amachidziwa bwino, ndipo El Niño wa 2015 mpaka 2016 ndi wa 2023 mpaka 2024 anaumitsa minda yambiri m'chigawo chino. A INAM amalengeza mmene nyengo ikuonekera mvula isanayambe. Mukamva kuti idzakhala yochepa, funsani alangizi a SDAE, ofesi ya distrito yoona za ulimi, za mbewu zocha msanga, onjezani mapira, mchewere, khobwe, chinangwa ndi mbatata, phimbirani nthaka ndi mapesi, ndipo musagulitse chimanga chonse pokolola ngakhale ogula atabwera ndi ndalama m'manja. Ngati mudzagulitse mbuzi kapena ng'ombe, gulitsani ikadali yonenepa, aliyense asanayambe kugulitsa zake.

Pobwerera kunyumba

Dikirani a komiti kapena a distrito anene kuti madzi atsikadi, poti mtsinje umatha kukweranso mvula ikagwa kumtunda. Mukafika, zungulirani nyumba kunja musanalowe. Khoma la zidina lonyowa limagwa ngakhale patapita masiku, ndiye ana asagone pafupi nalo. Gogodani ndi ndodo m'makona, m'nkhokwe ndi pansi pa katundu chifukwa njoka nazo zinathawira momwemo. Waya wa magetsi wogwa musaukhudze, kanenedwe kwa a EDM, kampani ya magetsi, ndipo musayatse mita mawaya a m'nyumba asanaume. Chakudya chimene chinamira chitayidwe, ziweto zakufa zikwiriridwe osadyedwa, chitsime chikapidwe n'kuthiridwa mankhwala musanayambe kumwa.

Dothi lisanachoke pakhoma, lembani ndi penti kapena khomani msomali pamene madzi analekeza, mulembepo mwezi ndi chaka. Kenako kauzeni a komiti, kuti chizindikirocho chilowe pa mapu a mudzi wanu ndipo njira yothawira ikonzedwenso ngati inamira.